Mwana wapeza malo ku sukulu ya udokotala wa mano ku America, koma ngongoleyo abale, tithandizane maganizo

Nabanda_Indiana: Moni nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yosangalatsa komanso yondisowetsa tulo. Mtsikana wanga wachisamba uja wamaliza digiri yake yoyamba ndipo amulandira ku sukulu ya udokotala wa mano, koma ndi ya private osati ya boma, ndiye atatiwonetsa pepala la zolipira zonse, fizi, zida, renti, chakudya, inshulansi, zaka 4 zonsezo zikupitirira madola 450,000. Bambo ake akungoti aloleni apite dokotala sasauka, ine mtima ukukana. Amene mukudziwa za zimenezi chonde ndiuzeni zoona zenizeni musandibisire.

aPhiri_Leeds: Choyamba tiyamike kaye mayi, mwana wafika patali ameneyo, malo amenewo anthu amawalimbirana. Koma 450,000 mwati? Madola?

Nabanda_Indiana: Madola achimwene, ndawerenga kawiri

Mjomba_Ndirande: Aunt musadandaule, dokotala wa mano ku America amadya ndalama zoopsa, ngongole imeneyo zaka zitatu wamaliza. Ife kuno tikanapeza mwayi umenewo sitikanafunsanso pa gulu

Nachisale_DDS: Mayi Nabanda moni, ndine dokotala wa mano kuno ku States, ndinamaliza zaka zingapo zapitazo ndiye nkhaniyi ndikuyidziwa ndi thupi langa. Mjomba zimene mwanenazo ndi zimene aliyense amatiuza tisanalowe, ngakhale ma advisor a ku sukulu amalankhula choncho, koma masamu ake sakhala choncho ayi. Bungwe la sukulu za mano kuno, ADEA, limafunsa omaliza chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zingapo tsopano amene ali ndi ngongole amatuluka ndi pafupifupi madola 300,000 munthu mmodzi. Imeneyo ndi average, kutanthauza kuti mwasakaniza a sukulu za boma zotsikirapo mtengo ndi ena amene makolo anawathandizako. A ku private ambiri amatuluka ndi yoposa pamenepo kutalitali.

Mjomba_Ndirande: Koma salary yake sisi, tiuzeni salary

Nachisale_DDS: Ziwerengero za boma zimati dokotala wa mano wapakatikati amalandira cha m'ma 170,000 mpaka 180,000 pa chaka, koma mmenemo muli madala amene agwira ntchitoyi kwa zaka 20. Wongomaliza kumene safika pamenepo kawirikawiri. Kenako chotsani msonkho wa federal, wa state, inshulansi ya malpractice yokuteteza wodwala akakutengera ku khoti, ya disability chifukwa ntchito yathu ndi ya manja ndi msana, dzanja likangovulala basi mwakhala pansi, laisensi, ma kosi okakamiza a chaka ndi chaka. Zotsalazo ndi zabwinobe sindikunama, koma loni ikubwera kudzadya pomwepo

Kamwendo_Accounts: Ndiloleni ndiikepo masamu pang'ono poti ndi ntchito yanga. Chimene anthu ambiri saona ndi chiongoladzanja. Ma loni a boma a ophunzira a digiri yachiwiri m'chaka cha 2024 mpaka 2025 anali pa 8.08%, ndipo ena aja a Grad PLUS, ma loni a boma owonjezera pa oyambawo, anali pa 9.08%, kuphatikizanso ka fee kopitirira 4% kamene amadula pa PLUS ndalama isanafike n'komwe ku sukulu. Tingotenga 300,000 pa 8%. Chiongoladzanja chokha ndi 24,000 pa chaka, 2,000 mwezi uliwonse, musanakhudze ngongole yeniyeniyo. Mukafuna kumaliza m'zaka 10 ndiye kuti muzipereka cha m'ma 3,600 pa mwezi. Ya 450,000 ija muwonjezere theka pa zonsezi.

Ndipo china, kuyambira 2012 boma linasiya kuwalipirira chiongoladzanja ophunzira a mlingo umenewu pamene ali pa sukulu. Ndiye ndalama imene mwana watenga chaka choyamba imayamba kubereka tsiku lomwelo, iye ali mkalasi akuphunzira kusema mano a pulasitiki. Pofika pa graduation ngongole yakula kale kuposa imene anasainira.

Nabanda_Indiana: Mayo ine. Ndiye pa 450,000 paja sindiye mathero ake?

Kamwendo_Accounts: Ayi mayi, ngati zonse ndi zobwereka idzakhala itadutsa 500,000 patsiku lovala gauni

aPhiri_Leeds: Koma zinafika bwanji pamenepa? Amalume anga ena anaphunzira ku America zaka za m'ma 80 sankakamba za ndalama zoterezi

Kamwendo_Accounts: Zifukwa zilipo zingapo aPhiri koma chimene ine ndimachiona chachikulu ndi Grad PLUS yomweyo. Inayamba 2006, ndipo inkalola wophunzira kubwereka ku boma mpaka ndalama yonse imene sukulu yanena kuti ndi mtengo wophunzirira, popanda malire. Ndiye taganizani, sukulu ikudziwa kuti ikakweza fizi boma lipereka basi, mwana wa zaka 22 asaina basi poti amuuza kuti adzakhala dokotala, ndani angaletse fizi kukwera? Ma state nawo anachepetsa ndalama zimene ankapereka ku ma yunivesite awo, makamaka chuma chitagwa mu 2008, ndiye ngakhale sukulu za boma zinakweza.

Nachisale_DDS: Ndiwonjezereko kuti tisawanamizire zonse a sukulu, kuphunzitsa dokotala wa mano n'kodula zoona. Anzathu a medicine amakaphunzirira m'zipatala zimene zilipo kale, pamene sukulu ya mano imayenera kukhala ndi kiliniki yakeyake, mipando mazana, ma X-ray, ma lab, aphunzitsi oyang'anira wophunzira aliyense akamagwira mkamwa mwa munthu, ndipo odwala obwera kumeneko amalipira zochepa. Koma ngakhale zili choncho kukwera kwake kwapitirira nzeru, malipiro athu sanakwere mofanana ndi fizi ngakhale pang'ono. Ndiye amene akufuna specialty ngati orthodontics, yowongola mano, ndiye ziliko, ma residency ambiri a mano, maphunziro a ukatswiri aja ukamaliza digiri, umalipiranso fizi pamene dokotala wa medicine pa residency amalandira salary. Mu 2018 Wall Street Journal inalemba za orthodontist wina wa ku Utah amene ngongole yake ya sukulu inadutsa madola 1 miliyoni, ndipo inkakulabe mwezi ndi mwezi iye akulipira.

Mjomba_Ndirande: Miliyoni ya madola ngongole ya sukulu?? Eeh ndiye akanangolengeza kuti wagwa bankrupt bwanji

Kamwendo_Accounts: Loni ya sukulu ku America sichoka wamba ndi bankruptcy ase, khoti limafuna umboni wovuta kwambiri, dokotala amene akugwira ntchito sangaupeze. Ya galimoto, ya credit card zimatha kufufutika, iyi imakutsatira

Nasibeko_RN: Mayi Nabanda pali chinanso chimene sichinatchulidwe ndipo kwa mwana wanu ndi chimene chili chachikulu. Lamulo limene Trump anasaina pa 4 July 2025 likuthetsa Grad PLUS kwa oyamba kubwereka kuyambira 1 July 2026. Ophunzira udokotala, mano ndi zina zotero azitha kubwereka ku boma 50,000 yokha pa chaka, yonse pamodzi isapitirire 200,000. Ndiye ngati mwana akuyamba pansi pa lamulo latsopanoli, pa 450,000 paja boma lipereka 200,000, yotsalayo mukaifune ku ma banki a private, ndipo kumeneko adzafuna co-signer, munthu wosainira nawo ngongoleyo, amene ndi inuyo ndi bambo ake.

Nabanda_Indiana: Zimenezi bambo ake anazitchula kuti tidzangosainira, ngati nkhani yaing'ono

Nasibeko_RN: Si yaing'ono achemwali. Mukasaina ngongoleyo ndi yanu. Mwana akadwala, akalephera chaka, akasiya sukulu pakati, banki ikubwera kwa inu, ndipo ma loni a private alibe zija zolipira molingana ndi malipiro kapena kukhululukidwa pakapita zaka. Inu ndi ine timagwira ma double shift kuti tidzapume bwino, komanso kumudzi akutidalira, nyumba ija mukumanga ku Lilongwe ija. Ganizirani zimenezo musanagwire cholembera

aPhiri_Leeds: Koma ine ndikuona ngati malire amenewo ndi abwino, mwina sukulu zitsitsa fizi zikaona kuti boma silikuperekanso chilichonse chimene zanena

Nachisale_DDS: Mwina m'tsogolo aPhiri, ine ndingakondwe. Koma panopa ofuna malo ndi ambiri kuposa malowo, ndiye sukulu ikhoza kungotenga ana a anthu olemera amene safuna loni kapena amene makolo awo ali ndi credit yabwino. Amene atsalire kunja ndi ana ngati a ifeyo, a makolo obwera, amene amayi awo ndi ma CNA, othandizira anamwino aja. Zimenezo ndi zimene zikundiwawa pa lamulo limeneli, lagwira vuto lenileni koma chikwapu chagwera wophunzira osati sukulu

Mjomba_Ndirande: Ok ndamva koma pamapeto pake ndi vuto la madokotala olemera, ife odwala zikutikhudza pati

Nachisale_DDS: Apa ndiye mwafunsa funso limene ndimafuna Mjomba. Zimakukhudzani mkamwa mwenimwenimo. Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Kale dokotala wa mano ankamaliza sukulu, n'kugwira kwa mdala wina zaka zingapo, kenako n'kugula kiliniki ija mdalayo akamapuma, n'kukhala m'tauni imeneyo moyo wake wonse akudziwa odwala ake ndi ana awo. Pano munthu uli ndi 400,000 pamutu, kugula kiliniki ndi ngongole inanso ya ma handiredi sauzande, ambiri mtima sulola. Ziwerengero za ADA, bungwe la madokotala a mano kuno, zikuonetsa kuti cha m'ma 2005 madokotala oposa 8 pa 10 aliwonse anali ndi kiliniki yawo, pano atsika kufika cha m'ma 7 pa 10, ndipo kwa achinyamata ndiye kutsika kwake n'koopsa.

Ndiye timapita kuti? Ku makampani akuluakulu aja amati ma DSO, amene ali ndi ma kiliniki mazanamazana, ena mwa iwo eni ake ndi ma private equity, anthu oika ndalama amene sanagwirepo dzino la munthu. Ine ntchito yanga yoyamba inali ku kampani yotero, sinditchula dzina. Malipiro amawerengera pa production, kutanthauza ndalama imene walowetsa, ndipo m'mawa uliwonse manejala amene si dokotala amabwera ndi pepala kukuuza kuti target ya lero ndi yakuti. Ndiye pabwera munthu dzino lake lili pakatikati, likhoza kumatidwa bwinobwino n'kukhala zaka, likhozanso kuikidwa crown, kachisoti kovundikira dzino, imene mtengo wake ndi kangapo kuposa kumata. Iwe ukudziwa kuti pa 1 loni ikudula. Sindikunena kuti madokotala achinyamata ndi akuba ayi, ambiri amene ndimawadziwa amalimbana nazo ndipo amasankha zoyenera, koma munthu sayenera kuikidwa pamalo oti chikumbumtima chake chizikangana ndi ngongole tsiku lililonse wodwala atayasamula kutsogolo kwake. Ine ndinachokako chifukwa cha zimenezo.

Nasibeko_RN: Ndipo osauka ndiye amatayikiratu. Medicaid, inshulansi ya boma ya osauka, imalipira madokotala a mano ndalama yochepa, ma state ena akuluakulu sawalipirira n'komwe za mano kupatula emergency, Medicare ya okalamba ija nayonso siphimba za mano za masiku onse. Dokotala wa ngongole yaikulu sangadzaze tsiku lake ndi odwala a Medicaid, sangapitenso kumidzi kumene anthu alibe inshulansi. Ife ku ER, kolandirira odwala mwadzidzidzi, timawalandira anthu atatupa tsaya usiku, timangowapatsa ma antibiotic ndi mankhwala opha ululu n'kuwauza kuti mukaonane ndi dentist, dentist amene alibe. Amene munali kuno 2007 mukukumbuka Deamonte Driver, mnyamata wa zaka 12 wa ku Maryland amene anamwalira chifukwa matenda a dzino anafika ku ubongo, banja lake likuvutika kupeza dokotala wolandira Medicaid. Vuto limenelo linalipo kale ngongole zisanafike apa, nanga pano

Therapist_Area25: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine dental therapist kuno kumudzi, tinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences. Zimene mukukambazi kwa ife zikumveka ngati za dziko lina koma mathero ake ndi amodzi, wosauka amabwera dzino litaola kale ndipo chimene chatsala ndi kuzula basi. Kuno digiri ya udokotala wa mano inangoyamba 2019 ku College of Medicine imene pano ndi KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow, kale onse ankakaphunzira kunja. Ana athu amatenga loni ku Loans Board koma sizingafanane ndi zanuzo. Funso langa kwa adokotala, mwana sangaphunzire kuno kapena dziko lina lotchipa kenako n'kubwerera ku America?

Nachisale_DDS: Funso labwino achimwene ndipo ambiri amaliganiza. Vuto ndi loti ma state ambiri salola digiri ya kunja payokha. Umayenera kulemba mayeso a INBDE, a dziko lonse a madokotala a mano, kenako kulimbirana malo ochepa kwambiri a advanced standing, kumene umabwerezanso zaka 2 kapena kuposerapo pa sukulu ya ku America, ndipo fizi ya ma programu amenewo ndi yokwera kwambiri, nthawi zambiri kuposa ya ophunzira wamba. Ndili ndi anzanga ochokera ku India ndi ku Nigeria amene anali madokotala kale kwawo, anagwira ngati ma assistant zaka akudikira malo, n'kutulukanso ndi ngongole ya ma handiredi sauzande. Ndiye kwa mwana amene akufuna kudzagwira ku America njira imeneyo siipulumutsa

aPhiri_Leeds: Kuno ku England nako madandaulo alipo koma kapangidwe kake n'kosiyana. Fizi ya mwana wa konkuno inali 9,250 mapaundi pa chaka kwa nthawi yaitali, inakwera kufika 9,535 mu 2025, kosi ndi ya zaka 5 kuchokera ku sekondale, chaka chomaliza bursary ya NHS, bungwe la boma la zaumoyo, imathandiza. Kubweza ndi 9% ya malipiro opitirira mlingo winawake, ndipo yotsala imafufutidwa pakatha zaka 30, kwa oyamba kuyambira 2023 ndi zaka 40. Ndiye siimakumiza ngati kwanuko, imangokhala ngati msonkho wina. Koma achinyamata akuthawabe NHS kupita ku private chifukwa cha kontirakiti ija ya 2006 yowalipira potengera mapointi a ntchito otchedwa ma UDA, moti kupeza dentist wa NHS m'madera ena ndi nkhondo

Nabanda_Indiana: Zikomo nonse, mutu wanga wadzaza. Ndiye adokotala mukanakhala inu mayi wake mukanamuuza kuti asiye?

Nachisale_DDS: Ayi mayi, sindinganene kuti asiye, ntchitoyi ndi yabwino ndipo ndimaikonda, munthu kubwera akulira ndi ululu n'kutuluka akumwetulira palibe chofanana nacho. Chimene ndinganene ndi choti asapite pa mtengo umenewo asanayese njira zina. Digiri ya DDS kapena DMD ndi imodzimodzi kulikonse, wodwala safunsa kuti munaphunzira kuti. Inu muli ku Indiana, Indiana University ili ndi sukulu ya mano ku Indianapolis ndipo mwana wa mu state momwemo amalipira zotsika kuposa wakunja. Anafunsirako?

Nabanda_Indiana: Anafunsira koma anamuika pa waiting list

Nachisale_DDS: Ndiye asataye mtima, ma waiting list amayenda mpaka pafupi ndi kutsegulira. Ndipo ngakhale zitakanika chaka chino, kudikira chaka chimodzi, kubwerezanso mayeso olowera sukulu ya mano aja a DAT kuti magiredi akwere, kugwira ngati dental assistant uku akusunga kandalama, n'kufunsiranso, zikhoza kumupulumutsira ndalama yoposa imene angalandire chaka chake choyamba ngati dokotala. Ana amaona ngati chaka chimodzi ndi moyo wonse poti anzawo akupita, koma 150,000 yowonjezera pa 8% kapena 9% imatenga zaka zambiri kuposa chimodzi kuti ithe.

China, ndi nzika ya America kapena ali ndi green card?

Nabanda_Indiana: Anabadwira konkuno

Nachisale_DDS: Ndiye zitseko ziwiri zazikulu ndi zotsegula, poti zonsezi zimafuna nzika. Yoyamba ndi HPSP ya asilikali, Army, Navy kapena Air Force, amalipira fizi yonse ndi ka stipend mwezi uliwonse, iye n'kudzawagwirira chaka pa chaka chilichonse chimene amulipirira. Yachiwiri ndi scholarship ya National Health Service Corps (NHSC), nayo imalipira fizi, pobweza amakagwira ku dera losowa madokotala, zosachepera zaka 2. Zonsezi n'zopikisana ndipo mafomu amatsekedwa msanga ndiye ayambe lero. NHSC ilinso ndi ina yothandiza kubweza loni ukamaliza, mpaka 50,000 pa zaka 2 kwa a mano, koma pa ngongole ya 500,000 imeneyo ikungolipira chiongoladzanja cha chaka chimodzi ndi kanthu

Kamwendo_Accounts: Palinso PSLF, programu ya boma yokhululukira loni imene inakhazikitsidwa 2007, ukagwira ku boma kapena ku bungwe losapanga phindu n'kulipira miyezi 120 yotsala imakhululukidwa ndipo federal siidula msonkho. Koma mudziwe ziwiri, imakhudza ma loni a boma okha osati a ku banki, komanso ntchito zotero kwa a mano ndi zochepa, ma community health center, zipatala za asilikali opuma za VA, Indian Health Service, ndende, kuphunzitsa. Ndipo malamulo a kabwezedwe amasinthasintha ndi boma lililonse, pulani ya kabwezedwe ija ya Biden yotchedwa SAVE makhoti anaiimitsa 2024 anthu ali kale mkati. Musamange pulani ya zaka 25 pa lonjezo la andale

Mjomba_Ndirande: Koma asilikali aunt, mwana wamkazi, mungalole?

Nasibeko_RN: Amalowa ngati ofisala, ntchito yake ndi mano a asilikali ndi kuphunzira zambiri pa odwala ambirimbiri, akazi aliko ochuluka. Chovuta ndi choti sasankha kokhala ndipo akhoza kutumizidwa kunja, ndiye asankhe yekha mwini wake osati kumukankhira chifukwa cha ndalama

Nabanda_Indiana: Iyeyo ndi wolimba mtima mwina akhoza kuzikonda, ndimufunsa. Vuto ndi bambo ake, anauza kale abale onse ku Ntcheu kuti mwana akukakhala dokotala chaka chino, ndiye nkhani yodikira chaka aziona ngati manyazi

aPhiri_Leeds: Abale a ku Ntcheu sadzalipira nawo loniyo mayi. Auzeni achimwene anga akhale pansi ndi aKamwendo awaonetse masamu papepala, amuna timamva bwino tikaona manambala

Kamwendo_Accounts: Ndilipo, Loweruka masana ndimakhala free. Mubweretse award letter ya sukuluyo, muwafunsenso a financial aid kuti mwana agwera pa malamulo akale kapena atsopano a loni, ndi kuti fizi yakhala ikukwera ndi maperesenti angati chaka chilichonse poti pepala limene anakupatsanilo nthawi zambiri limaonetsa mtengo wa chaka chino chokha. Mwanayo akhalepo pa call, ngongoleyi ndi yake

Therapist_Area25: Adokotala Nachisale ndikulemberani ku inbox, pali za ma kosi a pa intaneti a ma therapist zimene ndikufuna ndikufunseni

Nachisale_DDS: Lembani achimwene ndiyankha ndikaweruka. Mayi Nabanda mumupatse mtsikanayo nambala yanga ku inbox, abwere adzakhale nane ku kiliniki masiku angapo aone ntchito yake ndi pay slip yomwe, ndimuonetsanso statement ya loni yanga asanapereke deposit ku sukuluko